Phunziro: Mbuzi Ikasiya Kudya

Cholinga: Kudziwa zoyenera kuona ndi kuchita tsiku lomwelo mbuzi ikasiya kudya.

Njoka monga nsato imatha miyezi osadya koma ili bwinobwino, chifukwa thupi lake limagwiritsa ntchito mphamvu pang'ono. Mbuzi si choncho. Ikatha tsiku lathunthu osadya kapena osabzikula, ndiye kuti ikudwala ndipo musadikire mawa.

Zoyenera kuona:

1. Kutentha kwa thupi. Mukayeza kotulukira ndowe, mbuzi yathanzi imakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40.
2. Mimba. Ikani dzanja kumanzere, kuseri kwa nthiti. Mimba iyenera kugwedezeka kamodzi kapena kawiri pa mphindi. Ikatupa n'kumalira ngati ng'oma, mwadzaza mpweya ndipo mbuzi ingafe msanga.
3. Mkati mwa chikope cha m'munsi. Mukatuwa, magazi achepa, kawirikawiri chifukwa cha njoka zam'mimba.
4. M'kamwa ndi m'mapazi. Onani ngati muli zilonda.
5. Ndowe ndi khungu. Kodi ikutsekula m'mimba? Ili ndi nkhupakupa?

Zoyenera kuchita:

Ipatuleni, muiike pamthunzi, muipatse madzi oyera ndi masamba anthete. Musaipatse madeya. Itanani alangizi a ziweto ndi kuwauza zonse mwaona. Mukapeza zilonda m'kamwa ndi m'mapazi, musagulitse kapena kusamutsa ziweto zanu mpaka alangizi afike.

Ntchito ya pagulu:

Gawanani m'magulu, gulu lililonse liyeze mbuzi imodzi yathanzi potsata mfundo zisanuzi. Kambiranani zimene mwapeza.