Musanagule vani yakale, yambani mwalowa pansi pake

Mwerengi wina wa ku Chitakale watifunsa funso lomwe tikukhulupirira kuti lili m'mitima ya amalonda ambiri. Iye akuti wagwira ntchito ku Joni kwa zaka zingapo, wasungako kangachepe, ndipo akufuna kugula vani yonyamula katundu yomwe inagwirapo kale ntchito. Akufuna kuti mkati mwa sabata azinyamula zinanazi, nthochi ndi nandolo kupita ku Limbe, ndipo pa tchuthi aziyala matiresi kumbuyo n'kupita ndi banja lake ku Likhubula kapena kunyanja, kukagona momwemo. Funso lake ndi lakuti: ndigule yotani, nanga ndiyang'ane chiyani?

Ganizoli ndi labwino achimwene. Koma ndalama ya thukuta la zaka zambiri ikhoza kutha tsiku limodzi pogula chiphakasa chopakidwa penti yatsopano. Phunziro la lero ndi ili: gulani vani yomwe idzadzidyetse yokha ndi katundu. Zokagona kuphiri zibwere pambuyo, chifukwa galimoto yoyendera tchuthi chokha imadya ndalama ngakhale itangoima pakhomo.

Yambani ndi katundu

Musanaone galimoto iliyonse, lembani zomwe muzinyamula ndi kulemera kwake. Toyota Probox imanyamula makilogalamu 400, omwe ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Ndi yosaboola m'thumba pa mafuta, koma banja silingagonemo momasuka. Mazda Bongo, yomwe zaka zina inkagulitsidwanso ndi dzina la Nissan Vanette, ndi yapakatikati. Toyota Hiace ndi Nissan Caravan zimanyamula pafupifupi tani imodzi kapena kuposerako pang'ono, kutanthauza matumba 20 kapena 25. Malo a katundu mu Hiace ndi aatali pafupifupi mamita 3, okwanira matiresi ndi katundu wa paulendo.

Vani zambiri zochokera ku Japan zimakhala ndi kachikwangwani pa chitseko chakumbuyo kolembedwa m'Chijapanizi, koma nambala yake imawerengeka, monga 1000kg kapena 1250kg. Amenewo ndiwo malire a katundu. Kupyola pamenepo ndi kuthyola masipulingi ndi kutentha mabuleki potsetsereka.

Hiace imakwera mtengo kuposa zinzake, ndipo chifukwa chake chilipo. Popeza minibasi zambiri zapakati pa Limbe ndi Muloza ndi za mtundu umenewu, zipangizo zake zimapezeka msanga ndipo pafupifupi makaniko aliyense amaidziwa. Galimoto yachilendo yotsika mtengo imasanduka khola la nkhuku ikasowa kachipangizo kamodzi.

Yoitanitsa kunja kapena yapompano?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuitanitsa ku Japan kudzera m'makampani monga Be Forward kapena SBT Japan. Galimoto zambiri zotere zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ubwino wake ndi wakuti galimotoyo imakhala isanalawe misewu yathu. Kuipa kwake ndi kwakuti mumagula chinthu chomwe mwangochiona pa chithunzi, ndipo mtengo womwe mwaona pa intaneti si womaliza. Pamwamba pake pali kulipira padoko, woiyendetsa kuchokera ku Tanzania, mafuta, wothandiza kuombola katundu, ndi msonkho wa MRA. Msonkhowu umakwera galimoto ikakhala yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu. Funsani ku MRA kuti akuwerengereni musanatumize ndalama.

Kumbukiraninso kuti malonda awa ndi a madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atalipira galimoto koma asanaiombole anapezeka kuti ndalama yomwe anasungira msonkho yaperewera. Ngati mukuitanitsa, musathere ndalama yonse pa mtengo wogulira.

Njira yachiwiri ndi kugula yomwe ili kale m'dziko muno. Apa mumaiona ndi maso, kuigwira ndi kuiyendetsa. Koma chenjerani ndi vani yomwe inali minibasi n'kuchotsedwa mipando. Mabowo a mabauti pansi, zitseko zolendewera ndi sitepe yodyeka zimaulula. Galimoto yomwe yakhala ikuthamanga pamsewu wa Midima m'mawa mpaka usiku kwa zaka zisanu yatopa, ngakhale aisambitse bwanji.

Mapepala kaye, makiyi pambuyo

Anthu ambiri amayamba ndi kumvetsera injini. Ife tikuti yambani ndi bulubuku. Dzina lomwe lili m'menemo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsaniyo. Ngati mukukambirana ndi dobadoba, muuzeni kuti ndalama mupereka kwa mwini wake maso ndi maso. Nambala ya chasisi ndi ya injini zomwe zalembedwa pa pepala zifanane ndi zomwe zadindidwa pa chitsulo. Mukaona kuti pamalopo papalidwa kapena pawotcheredwa, bwererani kunyumba ndi ndalama zanu.

Funsani umboni wakuti msonkho wa MRA unalipiridwa. Galimoto zina zinalowa mwaulere chifukwa zinali za mabungwe, ndipo zikamagulitsidwa msonkho umafunika. Zina ndi chikole cha ngongole ku banki. Pitani kupolisi akatsimikize kuti si yobedwa. Kenako inu ndi mwini wake mupitire limodzi ku ofesi ya Road Traffic, komwe galimoto zonse zimalembedwa mu kaundula wa MalTIS, kukasintha umwini. Musalole mawu akuti "tidzasintha mwezi wa mawa." Wogulitsa akasamuka kapena kumwalira, mudzatsala ndi galimoto yomwe simungaigulitse, ndipo mudzavutika kuwoloka nayo pa Muloza kupita ku Milange. Onaninso tsiku lomwe COF ndi inshulansi zikutha.

Pansi kaye, kenako injini

Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Mulipireni tsiku lonse, ndalama imeneyo siyotayika. Pitani m'mawa ndipo mupemphe kuti asailize inu musanafike, chifukwa injini yodwala imabisa matenda ikatentha.

Yalani chiguduli pansi, tengani tochi, mulowe. Gogodani chasisi ndi sikuludiraiva. Dzimbiri la pamwamba si vuto, koma chitsulo chofumbutuka kapena chopakidwa phula latsopano pamalo amodzi ndi chenjezo. Vani zoyendera magudumu onse anayi n'zothandiza m'matope a m'minda ya tiyi, koma zambiri zimachokera kumpoto kwa Japan komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Werengani masipulingi akumbuyo ngati palibe lothyoka, ndipo onani ngati oyilo akudontha pa giyabokosi kapena pa difu.

Kuno kwathu pali chinanso choyang'ana. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anamiza katundu wambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, galimoto zomwe. Tukulani kapeti, nunkhizani, suzumirani pansi pa mipando ndi m'kabokosi ka mafyuzi. Matope ouma m'malo obisika ndi umboni wakuti inamirapo, ndipo mavuto a mawaya ake sadzatha.

Injini ya Hiace, Caravan ndi Bongo imakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Tukulani mpandowo. Tsegulani chotsekera oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Injini isanatenthe tsegulani redieta, kenako ilizeni. Madzi akamachita thovu mosalekeza, gasiketi yapsa. Imani kumbuyo muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Wakuda kwambiri ukuloza ku mainjekita kapena sefa ya mpweya. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ukuloza ku madzi.

Injini za dizilo za Hiace zotchedwa 5L, 2KD ndi 1KD zimayendera lamba wa taimingi, ndipo lambayu akaduka mukuyenda injini imawonongeka kwambiri. Funsani kuti anasinthidwa liti. Ngati palibe umboni, werengerani mtengo wosinthira ndipo muuchotse pa mtengo wa galimoto. Za dizilo zatsopanoko zochokera ku Japan zili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yomwe imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tatifupi. Funsani makaniko ngati amaidziwa.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Yerekezani ndi kutha kwa chiwongolero, mphira za mapedulo ndi mpando wa dalaivala. Pa matayala yang'anani manambala anayi omaliza a tsiku lopangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Vani imafuna matayala a katundu olembedwa LT kapena C, osati a galimoto yaing'ono.

Iyeseni pokwera

Kuzungulira pa depoti si kuyesa galimoto. Thirani mafuta anu, ikani matumba angapo, mukwere nayo mapiri a msewu wodzera ku Thyolo. Muvi wa kutentha usachoke pakati. Mukaponda mafuta injini n'kumalira koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Giya isatuluke yokha potsetsereka, ndipo mukaponda buleki galimoto isakokere mbali imodzi. Kenako lowani nayo msewu wafumbi, zimitsani wailesi, mumvetsere kugogoda kwa kumiyendo. Wogulitsa akakana zoyesa motere, wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa.

Kagawidwe ka ndalama

Langizo lathu ndi lakuti pa K100 iliyonse yomwe muli nayo, yogulira galimoto isapose K75. K15 isungidwe ya oyilo, masefa, lamba, mabuleki, batire ndi matayala, ndipo K10 ikhale ya kusintha umwini, COF ndi inshulansi. Wogula ndi ndalama yonse amaimika galimoto sabata yoyamba.

Werengeraninso ulendo umodzi. Kuchoka pa boma la Mulanje kupita ku Blantyre kudzera ku Midima ndi pafupifupi makilomita 70, kupita ndi kubwera 140. Tiyerekeze kuti vani yanu ikuyenda makilomita 10 pa lita: ndiye malita 14. Chulukitsani ndi mtengo womwe MERA yalengeza, onjezani ya dalaivala, ya msika ndi yosungira zowonongeka, kenako gawani ndi matumba omwe mwanyamula. Mukapeza kuti thumba limodzi likudula kuposa kulikweza pa lole ya wina, vaniyo sinakwane nthawi yake. Phindu lenileni lili pa kusabwerera chopanda kanthu: popita zinanazi, pobwera shuga, sopo ndi mafuta ophikira a eni magolosale a ku Chitakale ndi Limbuli.

Kuikonza kuti muzigonamo

Galimoto ikayamba kudzilipira, zokayenda n'zosavuta. Uzani kalipentala akupangireni thandala la matabwa lochotseka, lokwera pang'ono kuti pansi pake pazilowa chigubu cha madzi, mapoto ndi tayala lapadera. Lolemba m'mawa mulitsitse, vani ibwerere ku ntchito. Matabwa akhale a paini kapena bulugamu. Musagule a mkungudza wa m'phiri, mtengo wa fuko lathu womwe watsala pang'ono kutha. Musalolenso kunyamulira munthu makala kapena matabwa opanda chilolezo, chifukwa malamulo a zankhalango amalola kulanda galimoto yomwe yapezeka nazo.

Ikani neti yoteteza ku udzudzu ndipo musiye zenera lotsegula pang'ono usiku. Kasola kakang'ono n'kokwanira nyali ndi foni, musamalize batire la galimoto. Chachikulu koposa: mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, kumunsi kwa phiri kumazizira kwambiri, koma musayerekeze kulowetsa mbaula m'galimoto kapena kugona injini ikulira. Mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha banja lonse lili mtulo. Tengani mabulangete okwanira, kuphika kuchitikire panja.

Galimoto sikwera phiri la Mulanje. Imathera kumunsi monga pa Likhubula, ndipo kuchoka apo kupita ku Dziwe la Nkhalamba, ku Chambe kapena pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, ndi ulendo wapansi pamodzi ndi operekeza alendo. Imikani pamalo a alonda, mutapempha chilolezo. Nthawi ya dzinja musagone m'mbali mwa Likhubula, Thuchila kapena Ruo ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, chifukwa mvula ikagwa pamwamba pa phiri madzi amatsika mwadzidzidzi.

Mwina mukuganizanso zonyamula alendo okaona malo, makamaka pomwe bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo achuma cha dziko lonse mu Julayi 2025. Msika ulipo, makamaka m'miyezi yopanda mvula ndi nthawi ya mpikisano wa Porters Race. Koma vani yolembedwa kuti ndi ya katundu siloledwa kunyamula anthu olipira. Kuikamo mipando kapena kuboola mawindo kumafuna kuti a Road Traffic aione n'kuilembanso, ndipo pamafunika ziphaso ndi inshulansi ya okwera. Ngozi itachitika popanda zimenezi, mlandu wonse ndi wanu.

Tsono achimwene a ku Chitakale, dongosolo lake ndi ili: katundu, mapepala, chasisi, injini, msewu wokwera, kenako mtengo. Onani vani zosachepera zitatu musanasankhe, ndipo wina akakuuzani kuti pali wogula wina akubwera masana, mumulole abwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata ya mawa tidzaona kagulidwe ka matayala akaunjika ndi mmene mungadziwire lomwe linasokedwa.