Yehova, Yahweh kapena Chauta: Tiitane Dzina Liti?

Pa Sondo mlongo wina anandifikira ali ndi nkhawa. Anaona vidiyo pa WhatsApp yokamba kuti amene apemphera kwa "Yehova" akuitana dzina lolakwika, ndiye kumwamba samumva. Mlongoyu ali ndi mwana wodwala, ndipo anafuna kuleka kupemphera mpaka atadziwa dzina lenileni.

Tiyeni tione bwino. Mu Chiheberi dzinali lili ndi zilembo zinayi chabe: YHWH. Lipezeka pafupifupi ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Aheberi akale sanali kulemba mavawelo, wowerenga anali kuwadziwa pamtima. M'kupita kwa nthawi, chifukwa cha ulemu, Ayuda analeka kulitchula mokweza. Akafika pa dzinali anali kunena "Adonai", kutanthauza Ambuye. Alembi otchedwa Amasoreti ataika mavawelo m'Malemba, anaika a "Adonai" pa YHWH kuti akumbutse wowerenga. Akhristu a ku Ulaya anawerenga zonsezo pamodzi, n'kutuluka Jehovah. William Tyndale analilemba m'Chingerezi mu 1530, ndipo ife m'Buku Lopatulika tili ndi Yehova. Akatswiri ambiri amati Yahweh ndilo layandikira katchulidwe kakale, koma palibe anajambula mawu a Mose pa foni, abale! Buku Loyera linasankha Chauta, ndipo Mabaibulo ambiri achingerezi amalemba LORD ndi zilembo zazikulu.

Nanga alembi a Chipangano Chatsopano? Pogwira mawu a aneneri analemba Kyrios, liwu lachigiriki lotanthauza Ambuye. Kodi Paulo naye sanali kumveka kumwamba?

Chimene Mulungu anatsindika pa Eksodo 3:13-15 ndi tanthauzo. Dzinali ligwirizana ndi mneni wachiheberi wotanthauza "kukhala" kapena "kukhalapo". Pa vesi 12 anali atalonjeza kale kuti adzakhala naye Mose, munthu wamantha amene anatumidwa kwa Farao. Dzinali linena za Iye amene alipo, ndipo adzakhalapo pamene anthu ake akulira.

Ndiponso mumalitchula kale osadziwa. Aleluya atanthauza "tamandani Yah", chidule cha dzina lomweli. Lili kumapeto kwa Eliya, Yesaya ndi Yeremiya. Lilinso koyambirira kwa Yehoshua, kumene kunachokera dzina la Yesu, kutanthauza kuti Yehova apulumutsa.

Mlongo uja tinagwada naye pomwepo m'tchalitchi, ndipo anapempherera mwana wake m'Chinyanja, kwa Yehova, monga anaphunzitsidwa ndi amayi ake.