Phunziro 14: Maina a Zinthu Zowerengeka ndi Zosawerengeka

Ana inu, taimani pabwalo la sukulu, nimukweze maso. Uko kuli phiri la Michesi, ndi uko kuli phiri la Mulanje. Mwaona mapiri angati? Mapiri awiri. Tsono tsikirani ku mtsinje wa Phalombe, umene utsira m'nyanja ya Chilwa. Kodi mukhoza kuwerenga madzi ake, ndi kunena kuti, madzi amodzi, madzi awiri? Iai, simungathe konse.

Potero tiona kuti maina a zinthu ali a mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndiwo maina a zinthu zowerengeka. Izi ndi zinthu zokhala chilichonse pachokha: khasu limodzi, makasu awiri, mtengo umodzi, mitengo itatu, mbuzi imodzi, mbuzi zisanu. Pofunsa za izo tinena, Makasu angati? Mbuzi zingati?

Mtundu wachiwiri ndiwo maina a zinthu zosawerengeka, monga madzi, mafuta, ufa, uchi, mchere ndi mchenga. Mukagawa ufa pakati, mbali zonse ziwiri zikali ufa. Koma mukathyola khasu pakati, mulibenso khasu. Pofunsa za izi tinena, Ufa wochuluka bwanji?

Chenjerani pano. Madzi ndi makasu onse ayamba ndi ma-, koma safanana. Makasu ali ndi limodzi lake, ndilo khasu, madzi alibe.

Nanga amai anu adziwa bwanji kuti madzi akwanira pakhomo? Iwo sawerenga madzi, awerenga mitsuko. Chinthu chosawerengeka tichiyesa ndi muyeso, ndipo tiwerenga muyesowo: mitsuko iwiri ya madzi, malichero atatu a ufa, madengu anai a chimanga. Penyetsani kuti mau a chiwerengero atsata muyeso. Tinena mitsuko iwiri, chifukwa iwiriyo ndi mitsuko, si madzi ai.

Wina adzati, Aphunzitsi, ine ndikhoza kuwerenga mpunga. Inde mwana wanga, ukhoza kutola ndi kuwerenga kufikira dzuwa litalowa; koma zimene wawerengazo ndi njere. Udzanena njere zisanu za mpunga, osati mpunga usanu.

Chingerezi nachonso chisiyanitsa chomwecho. Pa mbuzi chifunsa kuti how many, pa madzi how much. Koma zinenero sizivomerezana monse: ife titi ndalama zingati, pamene m'Chingerezi money ali m'gulu la zosawerengeka.

Musayese kuti phunziro ili ndi la m'kalasi mokha. Anthu awiri anakolola m'mudzi umodzi. Woyamba anati, Ndapeza chimanga chambiri. Nagulitsako, naphikako phwando, osayesa. Wachiwiri anayesa chake, napeza matumba 12 a makilogalamu 50; nati, Banja langa lidya thumba limodzi pa mwezi, chotero ndilibe chogulitsa. Pofika mwezi wa February, nkhokwe ya woyamba inali mbee, ndipo ana ake anagona ndi njala. Mau akuti chambiri sanamuuze tsiku limene chidzatha.

MAFUNSO

1. Patulani zowerengeka ndi zosawerengeka: nkhuku, utsi, dzira, mkaka, mpando, phulusa.
2. Konzani mau awa: Ndagula mafuta awiri ndi mchere utatu.
3. Funsani makolo anu miyeso imene ayesera nandolo ndi matemba pa msika wa Migowi, nimuilembe.