Lamulo la umwini wa nyimbo pa intaneti ku Ulaya: likupindulira ndani?

Kodi lamuloli likuti chiyani?

Mu 2019 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo loteteza eni nyimbo, makanema ndi zolemba pa intaneti. Gawo 17 ndilo linautsa mapiri pachigwa. Likuti tsamba lomwe anthu amaikapo zinthu, ngati YouTube, liyesetse kupeza chilolezo kwa eni ake. Likapanda chilolezo, litsekereze nyimbo zomwe eni ake alidziwitsa, apo ayi mlandu ndi wake.

Nanga kale zinkayenda bwanji?

Tsamba linkadikira dandaulo. Mwini nyimbo akadandaula, n'kuichotsa, nkhani yatha. Ku America lamulo la DMCA la 1998 likuyendabe motero.

Vuto lili pati, poti woimba ayenera kudya thukuta lake?

Ayeneradi, ndipo apo sititsutsa. Vuto ndi mtengo wa makina osefera. Munthu akaika kanema wa ukwati, akuchikazi akuvina nyimbo ikulira chapatali, pafunika makina oti aimve nyimboyo n'kuizindikira pakati pa nyimbo zankhaninkhani. YouTube ili nawo kuyambira 2007, dzina lake Content ID, ndipo Google, mwini wake wa YouTube, inati inalowetsapo madola oposa 100 miliyoni. Achinyamata omwe angoyambitsa kampani m'kachipinda ka lendi azitenga kuti zimenezo? Achite kubwereka makina kwa ena, alipire maloya, akagogode kwa makampani a nyimbo omwe sangawapatse mtengo womwe amapatsa Google. Mpanda womwe ankamangira njovu wasanduka linga loiteteza kwa opikisana nayo.

Kodi makampani aang'ono sanawaganizire?

Anawaganizira pang'ono. Kampani yosakwana zaka zitatu, yopeza ndalama zosafika mayuro 10 miliyoni pachaka, siikakamizidwa kusefa. Imayesetsa kupeza chilolezo n'kumachotsa zodandaulidwa. Koma olowa pa tsamba lake akapitirira 5 miliyoni pamwezi, iyeneranso kuletsa zochotsedwazo kubwerera. Zaka zitatu n'zochepa zedi. Makampani ambiri amazikwanitsa asanaone phindu, ndipo wofuna kuikamo ndalama amayamba wawerengera katundu yemwe akudikira chaka chachinayi.

Panalibe wopita kukhoti?

Dziko la Poland linasuma, likuti kusefa kukupondereza ufulu wolankhula. Mu April 2022 khoti lalikulu la European Union linakana kufafaniza gawolo, koma linati makinawo asatsekereze zinthu zololedwa, monga kugwira mawu a wina pomudzudzula. Kusiyanitsa wakuba ndi wodzudzula kumafuna anthu olembedwa ntchito owunika madandaulo, ndipo malipiro awo ndi katundu winanso kwa kampani yaing'ono.