Phunziro: Dokotala amene ankatchedwa Chopinga

Akhristu okondedwa, ndi inu akatekisiti amene mumalangiza achinyamata athu, m'phunziro lino tilingalire za munthu wina wa ku Japan, dzina lake Shinya Yamanaka. Dziko lonse lidamdziwa m'chaka cha 2012, pamene adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi John Gurdon wa ku England. Koma ife tiyang'ane zaka zake zoyamba, pamene panalibe womtama, pakuti m'menemo ndimo muli phunziro lathu.

1. Ntchito yake njotani?

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tating'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imangidwira ndi njerwa. Selo la khungu limabala maselo a khungu okhaokha, la chiwindi a chiwindi. Koma alipo ena, otchedwa stem cell, amene sanalandire ntchito yao: ali ngati dongo losaumba, limene lingasanduke mphika kapena mtsuko. Akatswiri amawalera m'timbale, nawaumba kuti akhale chigamba chokonzera chiwalo choonongeka.

2. Kulephera koyamba

Yamanaka adabadwa mu 1962 kufupi ndi mzinda wa Osaka. Atatsiriza maphunziro a udokotala ku Kobe mu 1987, adayamba kuphunzira opaleshoni ya mafupa. Tsoka ilo, manja ake sadali opepuka. Iye mwini adasimba kuti ntchito imene ena ankaitha m'mphindi 20 inkamtengera maora awiri, kotero kuti akuluakulu ake adampatsa dzina lakuti Jamanaka, pakuti m'chinenero chao "jama" ndiye kuti chopinga. Adaonanso odwala othyoka msana amene mpeni wa dokotala sukadawachiza. Chomwecho adasiya mpeniwo, nabwerera kusukulu kukaphunzira kufufuza, ndipo adatsiriza mu 1993.

3. Yankho losayembekezeka

Chaka chomwecho adapita ku Gladstone, nyumba ya zofufuza ya mu San Francisco. Kumeneko adayesa kuchepetsa mafuta oipa a m'magazi a mbewa, koma mbewazo zidadwala khansa ya chiwindi. Wina akadabisa zimenezi chifukwa cha manyazi. Iye adafunsa kuti zachitika bwanji, ndipo polondola funso limenelo adafika pa maselo osalandira ntchito aja.

Atabwerera kwao mu 1996 adasauka mtima. Ndalama zidali zochepa, womthandiza panalibe, ndipo masiku ambiri ankangotsuka makola a mbewa zake. Padatsala pang'ono kuti asiye zonse.

4. Funso la chikumbumtima

Mu 1998 James Thomson wa ku Wisconsin adakhoza kulera maselo otere ochokera m'mluza wa munthu wa masiku owerengeka. Koma powatenga, mluzawo unkaonongeka. Mpingo umaphunzitsa kuti munthu ayenera kulemekezedwa kuyambira pamene mayi watenga pathupi. Udanena zimenezi m'kalata ya Donum Vitae mu 1987, nubwerezanso mu Dignitas Personae mu 2008. Yamanaka sadatumidwe ndi Mpingo, ndipo sadavomereze zonse zimene ife timaphunzitsa. Komabe adasimba kuti tsiku lina, poyang'ana mluza pa galasi lokuza zinthu, adakumbukira ana ake aakazi awiri, naganiza kuti payenera kupezeka njira ina.

Atapatsidwa malo akeake ofufuzira ku Nara mu 1999, adadziikira cholinga ichi: kubweza selo lokhwima kuti likhalenso ngati dongo losaumba. Gurdon adali ataonetsa kale ndi achule, mu 1962, kuti selo lokhwima silitaya malangizo ake a chibadwa.

5. Nzeru za wophunzira

Iye ndi ophunzira ake adasankha malangizo a chibadwa 24, otchedwa ma gene, amene ankawaganizira kuti angabweze selo. Koma oyenera ndi ati? Mnyamata wina, Kazutoshi Takahashi, adawaika onse 24 m'maselo a mbewa, ndipo ena adabwereradi. Kenaka ankachotsapo amodzi nthawi iliyonse, kuti aone amene ntchito singatheke popanda iwo. Potsiriza padatsala anai okha. Adalengeza zimenezi mu 2006, ali ku Kyoto, ndipo mu 2007 adachita chimodzimodzi ndi maselo a khungu la munthu. Maselo atsopanowo adawatcha iPS. Mu 2014, ku Kobe, gulu la Masayo Takahashi lidaumba kachigamba kuchokera ku khungu la mayi wina wokalamba, ndipo madokotala adakaika m'diso lake lodwala.

Tisafulumire kunena kuti matenda onse atha. Amodzi mwa ma gene anai aja, c-Myc, adadzetsa zotupa m'mbewa zina, ndipo mankhwala otere amayesedwa zaka zambiri asanafike kwa odwala wamba.

6. Tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, mwana akalephera pa ntchito imodzi tisamtche chitsiru. Mwina mphatso yake ili kwina. Chachiwiri, tinene zoona ngakhale zitichititse manyazi, pakuti mbewa zodwala zija ndizo zidalozera njira. Chachitatu, wamkulu amvere wamng'ono. Chachinai, chikumbumtima sichitsekereza nzeru. Kawirikawiri ndicho chimaituma kukafuna njira yabwino. Kuchokera pa tsiku limene adatchedwa Chopinga kufikira 2006 padapita zaka pafupifupi 19. Makolo adanenetsa kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mafunso okambirana

1. Kodi maselo a stem cell amasiyana bwanji ndi maselo ena?
2. Chifukwa ninji Mpingo umakana kuononga mluza, ngakhale pofuna kuchiza odwala?
3. Kodi m'mudzi mwanu alipo wachinyamata amene mudamtaya mtima msanga? Mungamthandize motani sabata ino?