Chigubu cha pa Mpopi: Phunziro la Madzi, Nthawi ndi Liwiro

Munthu woyenda m'makomboni a Lusaka mbandakucha, kaya ku Kanyama kapena ku George, ku Chawama kapena ku Mtendere, amaona zigubu zachikasu zitandandalikidwa pa mpopi, eni ake ataima pambali, ena atafunda zitenje chifukwa cha chisanu. Mwana wa sukulu amene watumidwa kukatunga madzi amayesa kuti nthawi yake ikungotayika. Koma pamzere womwewo pali zinthu zimene mphunzitsi amatuluka nazo thukuta pozilongosola pa bolodi, ndizo madzi, kuyeza nthawi, ndi mayendedwe a zinthu. Ndipo zinthuzi n'zolukana, kotero kuti wosadziwa chimodzi sangamvetse zinzake.

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ulibe mtsinje waukulu. Njanji inafika pamalopo mu 1905, ndipo mu 1935 boma linasamutsira likulu kumeneko kuchokera ku Livingstone. Timitsinje ta Ngwerere ndi Chunga sitingamwetse anthu oposa 2 miliyoni amene anawerengedwa mumzindawo mu 2022. Chifukwa chake madzi a m'mipopi amachokera kuwiri: gawo lalikulu limatungidwa m'zitsime zakuya zoboola ndi makina, ndipo gawo lina limachokera ku mtsinje wa Kafue, kumene amalisefa pamalo otchedwa Iolanda, makilomita pafupifupi 50 kum'mwera. Tsono Kafue ali m'munsi mwa Lusaka ndi mamita pafupifupi 300. Akale anati madzi saiwala khwawa, nanenetsadi, pakuti madzi amatsika okha, koma sakwera phiri popanda chowakankha. Chowakankhacho ndicho mapampu, ndipo mapampu amadya magetsi. M'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, mapampu anaima, mipopi niuma ngakhale kumalo kumene pansi pa nthaka madzi analipo.

Wofuna kuyeza kayendedwe ka madzi ayenera kuyamba wakhala ndi choyezera nthawi, ndipo sikufunika kugula wotchi. Atenge chingwe chotalika mita imodzi, amange mwala kunsonga kwake, achipachike pamtanda wa chitseko, nakankhe mwalawo pang'ono. Ulendo umodzi wa mwala, kuchoka mbali ino kufika mbali inayo, ndiwo sekondi imodzi, kapena pafupi kwambiri ndi apo. Chodabwitsa n'chakuti kulemera kwa mwala sikusintha kanthu. Chimene chimalamula ndi kutalika kwa chingwe. Akachifupikitsa kufika pa masentimita 25, mwala udzayenda maulendo awiri pa sekondi. Galileo wa ku Italy ndiye anayamba kulongosola khalidwe limeneli, ndipo mu 1656 Christiaan Huygens wa ku Holland anapanga nalo koloko.

Popeza buku lino limawerengedwa ndi anthu otsata masiku ndi maola, nkoyenera kupatuka pang'ono ndi kunena za dzuwa. Dziko limazungulira madigiri 360 m'maola 24, ndiye kuti digiri imodzi m'mphindi zinayi. Mawotchi onse a m'Zambia ndi m'Malawi amatsata mzere wa madigiri 30 kum'mawa, koma Lusaka ali pa madigiri 28 ndi pang'ono, ndipo Chipata ali kupitirira madigiri 32. Chotero dzuwa limafika pamutu ku Chipata mphindi pafupifupi 17 lisanafike pamutu ku Lusaka, ngakhale mawotchi a kuwiriku amanena chimodzimodzi. Mlendo wochokera kum'mawa akadandaula kuti ku Matero kukuchedwa kucha, sakunama.

Tsopano mwana uja abwerere pa mpopi ndi chingwe chake. Tiyese kuti chigubu cha malita 20 chadzaza m'masekondi 80. Akagawa 20 ndi 80 apeza kuti pa sekondi iliyonse mpopi ukutulutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a lita, ndiwo malita 15 pa mphindi. Ngati patsogolo pake pali zigubu 45, achulukitse 45 ndi 80, ndipo apeza masekondi 3,600, ndilo ola limodzi lathunthu. Koma tsiku limene mphamvu ya madzi yachepa, chigubu chimodzi n'kumadzaza m'mphindi zinayi, mzere womwewo udzamudyera maola atatu, ndipo belu la sukulu lidzalira iye akali pa mpopi. Masamu amenewa akadachitika pokonza mipopi ya komboni iliyonse, bwenzi atsikana ambiri sakudzudzulidwa chifukwa cha kuchedwa kumene sikuli kulakwa kwawo.

Nanga mphamvu ya madzi imachepa bwanji? Munthu aboole kabowo pafupi ndi tsinde la chitini, nadzaze chitinicho. Poyamba madzi adzatumphuka patali, koma akamatsika m'chitinimo mtsinje wake udzafooka kufikira utasanduka madontho. Kukankha kwa madzi kumadalira kutalika kwa madzi amene ali pamwamba pa bowo. N'chifukwa chake mathanki amaikidwa pansanja zazitali, ndiponso nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kusowa madzi thanki ikamatha. Aigupto akale anapanga koloko ya madzi mwa njira imeneyi, zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo mtsuko wake anauumba wotakata kukamwa ndi wopapatiza kutsinde, kuti akonze kufooka kumeneku. Galileo nayenso, posowa wotchi yabwino, ankatsegula kampopi pamene mpira wachitsulo ukuyamba kugubuduzika pathabwa lotsetsereka, natseka pamene wafika, nayeza kulemera kwa madzi amene atuluka. Mwa kutero anapeza lamulo limene analifalitsa mu 1638: chinthu chakugwa chimaonjeza liwiro nthawi yonse. M'sekondi yoyamba mwala umagwa mamita pafupifupi 5. Pakutha masekondi awiri wagwa mamita 20. Pakutha atatu, mamita 45.

Lamulo limeneli likhoza kuyeza chitsime. Ku Kanyama, kamwala koponyedwa m'chitsime chokumba ndi manja kamamveka kuti chubwi chingwe chisanatsirize ulendo umodzi, kusonyeza kuti madzi sali patali mamita asanu. Ndipo m'nyengo ya dzinja, malo ena munthu amawafika ndi mkono. (Ana asayese zimenezi pachitsime chimene anthu amamwapo.) Ambiri amakuyesa mwayi kukhala ndi madzi pafupi chotere, koma apa ndi pamene pagona tsoka.

Pansi pa Kanyama, Chawama ndi mbali yaikulu ya kum'mwera ndi kumadzulo kwa mzinda pali thanthwe la mtundu wa njereza, mbale wake wa mwala umene amapangira simenti ku Chilanga. Madzi a mvula amatenga mpweya wina m'mlengalenga ndi m'dothi, nakhala owawasa pang'ono, ndipo kwa zaka zikwizikwi akhala akusungunula thanthwelo, kusiya ming'alu, ngalande ndi mapanga. Thanthwe lotere limasunga madzi ambiri, n'chifukwa chake zitsime za Lusaka n'zopatsa. Koma silisefa. M'nthaka ya mchenga wosalala madzi amakwawa, mwina osafika mita imodzi pa tsiku, ndipo paulendo wautaliwo tizilombo ta matenda timakodwa ndi kufa. Ku Germany lamulo loteteza zitsime limawerenga masiku 50 a ulendo wa madzi pansi pa nthaka. Kuno anthu amaphunzitsidwa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Tiyese muyeso umenewu ndi masamu. Nthawi ya ulendo imapezeka pogawa mtunda ndi liwiro. Ngati madzi ayenda theka la mita pa tsiku, mamita 30 ndi ulendo wa masiku 60, ndipo chitsime chapulumuka. Koma ngati alowa mumng'alu nayenda mamita 100 pa tsiku, chinthu chosadabwitsa m'thanthwe la njereza, mamita 30 omwewo ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri okha. Zimene zalowa m'chimbudzi m'mawa zikhoza kufika m'ndowa madzulo, madziwo akuoneka mbee ngati galasi. Chotero chimene chimatchinjiriza chitsime si mamita ayi, koma masiku. Ndipo ku Kanyama, kumene nyumba zathithikana ndipo malo ndi athyathyathya osataya madzi a mvula, masikuwo palibe.

Kuti kolera amayenda ndi madzi anaonetsa ndi dokotala John Snow mu 1854, pamene anatsata imfa za m'dera lina la London kufikira pa mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Lusaka waphunzira phunziro lomweli kambirimbiri. Mliri wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndiwo unachititsa kuti ku George akumbe zitsime zakuya ndi kumanga mathanki ndi mipopi ya onse, ndi thandizo la dziko la Japan. Mu Okutobala 2017 matendawa anabukanso, nagwira anthu oposa 5,000, ambiri a iwo a ku Kanyama ndi komboni ya Chipata, ndipo boma linakwirira zitsime zosaya zambiri. Mu Okutobala 2023 anabweranso mwaukali woposa: odwala anagonekedwa m'bwalo la masewera la National Heroes, sukulu sizinatsegulidwe kufikira mu Febuluwale 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Kukwirira chitsime choipa n'koyenera. Koma amene amati anthu a m'komboni amamwa madzi oipa chifukwa cha umbuli ayambe awerenga maola atatu aja a pamzere, ndi ndalama ya chigubu chilichonse. Mayi wa ana asanu amene mpopi wake wauma adzakumbanso chitsime, ngakhale akudziwa bwino lomwe chimene chili m'menemo.

Kufikira mipopi itakwanira, nthawi imene thanthwe lalephera kupereka iyenera kuperekedwa panyumba. Mankhwala a klorini sapha tizilombo pompo. Akathiridwa m'chigubu monga mwa muyeso wolembedwa pabotolo, madzi agwedezedwe, nadikire mphindi 30 munthu asanamwe. Wothira ndi kumwa nthawi yomweyo wangotaya mankhwala. Kuwiritsa nakonso kuli ndi muyeso wake. Chifukwa Lusaka ali pamalo okwera, pamene mpweya uli wopepuka, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100 monga limanenera buku la sukulu, lomwe limanena za m'mbali mwa nyanja yamchere. Kutentha kumeneku n'kokwanira, pokhapokha madzi abwadamuke ndithu kwa mphindi imodzi yathunthu, ndiyo maulendo 60 a mwala wa pachingwe. Ndipo munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, owerenga nthawi asawerenge masiku koma maola, pakuti kolera akhoza kuumitsa thupi ndi kupha tsiku lomwelo. Wodwala amwetsedwe thanzi la m'paketi, kapena lita imodzi ya madzi owiritsa yosakaniza ndi masipuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, ali panjira yopita kuchipatala.

Aphunzitsi amene adzagwiritse ntchito tsamba lino atume ophunzira awiriawiri, wina ndi chingwe, wina ndi chigubu, akayeze mpopi wa kwawo m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata imodzi, nalembe masekondi ndi kuchuluka kwa zigubu za pamzere. Kalasi lonse likasonkhanitsa manambalawo, lipeze ola limene madzi amathamanga koposa m'komboni yawo, ndi maola amene banja limodzi limathera pa mpopi pa mwezi. Pepala limenelo lilembedwe kawiri, lina lipachikidwe m'kalasi, lina liperekedwe kwa a komiti ya madzi.