Mzere wa pa Cipatala ca Gulupu

Ana inu, pamene mumka ku cigayo kapena ku mjigo, mudziwa lamulo lace: wofika poyamba ndiye ayamba, ndipo wofika m'mbuyo alindira. Lamulo limeneli liri labwino pa ufa ndi pa madzi, pakuti liletsa ndeu. Koma pa khomo la cipatala ca ana linataya miyoyo yambiri, kufikira anthu ena analisintha. Nkhani yace inacitika ku Blantyre.

Cipatala ca Queen Elizabeth, cimene anthu acicha Gulupu, cinatsegulidwa m'caka ca 1958. Masiku amenewo dziko lathu linalibe sukulu yophunzitsa madotolo, ndipo wofuna nchitoyi anayenera kuoloka nyanja, monga anacita Dr. Daniel Malekebu ndi Dr. Kamuzu Banda, amene anakaphunzira ku America. Cifukwa cace madotolo anali owerengeka, ndipo odziwa nthenda za ana anali ocepa koposa. Mmodzi wa iwo ndiye Dr. Ankie Borgstein, mai wa ku Holland, amene anasamala ana pa Gulupu zaka zambiri.

Nthenda imene inadzaza nyumba za ana m'nyengo ya dzinja ndiyo malungo, makamaka aja olowa m'bongo ndi kukomola mwana. Munthu wamkuru akakomoka, dotolo amfunsa dzina lace kuti aone ngati nzeru zirimo; nanga khanda losadziwa kulankhula adzalifunsa ciani? Dr. Malcolm Molyneux ndi Dr. Terrie Taylor anakonza muyeso wace, naulengeza m'caka ca 1989. Dotolo ayang'ana ngati maso a mwana atsata nkhope ya amace. Atero amtsina pang'ono, naona umo asunthira dzanja ndi umo alirira. Mwana wogalamuka bwino alandira 5. Wolandira 2 kapena kucepera apo ali m'ngozi yaikuru. Muyeso umenewu auchula Blantyre Coma Scale, ndipo madotolo a maiko ambiri augwiritsa nchito.

Sukulu ya madotolo, College of Medicine, inayamba m'caka ca 1991, ndipo mwa amene anailimbikira kwambiri munali Dr. John Chiphangwi, dotolo wa amai oyembekezera. Ophunzira oyamba anayamba maphunziro ao kunja, ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa, nabwera kudzatsiriza pa Gulupu; oyamba analandira udotolo m'caka ca 1992. Kubwerako kunali kwa nzeru, pakuti ku London munthu akhoza kutsiriza sukulu wosaona mwana wotupa mapazi ndi njala. Woyang'anira maphunziro a nthenda za ana anali Prof. Robin Broadhead.

Tsono tibwerere ku mzere uja. Kufikira caka ca 2001, amai onse odza ndi ana anakhala pamodzi pa mabenci, wodzalandira katemera ndi wobereka mwana wakufa-kufa. Ali yense analindira nthawi yace. Madotolo akuru anali m'kati, m'nyumba zogona odwala, kutari ndi khomo. Mai wocokera kumudzi afika mocedwa, cifukwa njira yace iri yaitari. Ndiye yemweyo akhala kumapeto, ndipo mwa ulemu wace sanena kanthu. Mwana ali kumbuyo m'nsaru, palibe womuona. Pamene nthawi yace ikwana, namasula nsaruyo, kawiri kawiri mankhwala acedwa kale. Pa ana onse omwalira m'cipatalamo, oposa mmodzi mwa atatu anamwalira tsiku loyamba lisanathe.

Prof. Elizabeth Molyneux ndi anzace anawerenga imfa zimenezi, nazindikira kuti cirema ciri pa khomo. Anapatula a katemera kwa odwala. Anamanga malo atsopano olandirirapo ana, okhala ndi cipinda ca odwala mwakayakaya, ndi poyezera mwazi pafupi pomwepo. Anaika madotolo odziwa kuti ayang'anire pamenepo. Koposa zonse anaika namwino pa khomo peni peni, kuti aone mwana ali yense pakufika, asanalembedwe ndi dzina lomwe.

Namwinoyo sataya nthawi. Ayamba waona mpweya: kodi mwana alikupuma, kapena alikubanika, milomo itada? Agwira manja: kodi azizira? Aona ngati wakomoka kapena wagwidwa ndi linjirinjiri. Atsina khungu la pamimba. Likacedwa kubwerera, ndipo maso alowa m'kati, madzi atha m'thupi cifukwa ca kutsegula m'mimba. Mwana wokhala ndi cimodzi ca zizindikiro izi amtenga nthawi yomweyo. Ena amuika patsogolo pa mzere: khanda losakwana miyezi iwiri, wotentha thupi kwambiri, woyera m'zikhato, wakupsa ndi moto, wakumwa poizoni. Otsala alindira monga kale.

Mai amene anadzuka tambala woyamba akhoza kung'ung'udza poona mnzace wofika dzuwa liri pamutu alikulowa poyamba, ndipo ine sindimtsutsa konse, pakuti nayenso watopa. Koma taonani ciwerengero. Kale, pa ana 100 ogonekedwa m'cipatala, anamwalira 10, nthawi zina kufikira 18. Atasintha macitidwe anamwalira 6 kufikira 8. Ndipo pa imfa 100, za tsiku loyamba zinatsika kucokera pa 36 kufika pa 13. Sanapeze mankhwala acilendo ai. Mankhwala anali omwewo, koma anafika msanga kwa wowafuna.

M'caka ca 2005 bungwe la World Health Organization linasindikiza maphunziro a njira imeneyi, ochedwa ETAT, ndipo zambiri za m'menemo zinayesedwa pa Gulupu. Anamwino ndi madotolo a ku Kenya, ku Uganda ndi ku Rwanda anaiphunzira, naikonza monga mwa zosowa za kwao. Sukulu ija ya 1991 inaphatikana ndi sukulu ya anamwino m'caka ca 2021, ndipo ziwirizi zinakhala Kamuzu University of Health Sciences.